Pamene Sukulu ya Ukachenjede Idalowa M'makomo

Lolemba pa 23 Malichi 2020 zipata za sukulu zonse m'Malawi muno zidatsekedwa. Masiku atatu izi zisanachitike, Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, nthenda imene idabuka mu mzinda wa Wuhan ku China chakumapeto kwa 2019. Misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa, ngakhale ya maukwati, mapemphero ndi maliro omwe. Pa tsikulo nthendayo idali isanapezeke ndi munthu aliyense m'dziko muno, pakuti odwala atatu oyamba adadziwika pa 2 Epulo ku Lilongwe. Komabe Boma lidaona kuti n'kwanzeru kutseka khola fisi asanafike.

Lamulolo silidasankhe. Lidagwira mwana wa Sitandade 1, lidagwiranso mnyamata amene adangotsala miyezi yowerengeka kuti avale mkanjo wa digiri. Mu mzinda wa Blantyre, ophunzira a ku Polytechnic ku Chichiri, a ku College of Medicine pafupi ndi chipatala cha Gulupu, a ku Kamuzu College of Nursing ndi a m'makoleji ena adamanga katundu wawo. Ena adakwera maminibasi a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri. Ena adapita ku Wenela ndi ku depoti ya Limbe kukafuna mabasi a ku Nsanje, Mangochi, Kasungu, Rumphi mpaka Chitipa. Ambiri ankayesa kuti ndi tchuthi cha milungu iwiri kapena itatu, koma padapita miyezi isanu ndi theka oyamba asanaitanidwe kuti abwerere.

Vutoli lidali la dziko lonse lapansi. Bungwe la UNESCO lidawerengera kuti mu Epulo 2020 ophunzira oposa 1.5 biliyoni adali pakhomo. Maiko olemera adasamutsira maphunziro pa intaneti, ndipo muno namonso makoleji ena adayesa kutero, pamene ena adangodikira kuti mliri uzizire. Nkhani ino ikulongosola chifukwa chake njira imeneyi idavuta. Mafunde a intaneti amanyamula mawu a mphunzitsi, koma sanyamula chipinda chophunziriramo, anzake a wophunzira, kapena ufulu umene mwana amakhala nawo akakhala kutali ndi kwawo. Sukulu itachoka ku Chichiri idakafikira m'nyumba za anthu, ndipo nyumba iliyonse ili ndi eni ake ndi malamulo ake.

Kuphunzira kwake kumayenda bwanji

Kuphunzira pa intaneti kuli m'njira ziwiri. Pa njira yoyamba mphunzitsi ndi ophunzira amapangana ola. Olalo likakwana, aliyense amatsegula kompyuta kapena lamya yake ya m'manja kumene ali, ndipo kudzera pa Zoom kapena Google Meet amamvana mawu ndi kuonana nkhope monga pa kanema. Pa njira yachiwiri mphunzitsi amalemba phunziro, kapena kujambula mawu ake, n'kuziika pa malo osungira maphunziro monga Moodle kapena Google Classroom, ndipo wophunzira amakazitapa pamene wapeza mpata. Pakati pa njira ziwirizi padalowa WhatsApp. Iyeyu sadapangidwire sukulu, koma popeza ambiri adali naye kale ndipo bandulo yake idali yotsikirapo mtengo, adasanduka bolodi, laibulale ndi ofesi ya mphunzitsi pa nthawi imodzi.

Njira zonsezi zimafuna zinthu zinayi: chipangizo, magetsi ochitchajira, netiweki yamphamvu ndi ndalama zogulira bandulo. Apa ndi pamene intaneti imasiyanira ndi wailesi. Munthu akagula wailesi, mawu ake ndi aulere ndipo mabatire amamufikitsa milungu ingapo. Intaneti imadya ndalama mphindi iliyonse. Zithunzi zoyenda zimadya kuposa mawu, ndipo mawu amadya kuposa zolembedwa. Choncho phunziro la ola limodzi loonetsa nkhope limatha kumaliza bandulo imene ikadakwanira kuwerenga zolemba za sabata yathunthu.

Mavuto ooneka ndi maso

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumidzi. Mzinda wa Blantyre udali ndi anthu pafupifupi 800,000. Mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 52 adali ndi lamya ya m'manja, 16 okha ndiwo ankafika pa intaneti, ndipo 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale m'tauni momwe, magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire ankathimathima. Wophunzira wa ku Mbayani amene kwawo kudalibe magetsi ankasiya lamya yake ku malo ometera kuti itchajidwe, n'kulipira. Mnzake wa kumudzi ankakwera pa chulu kapena kuyenda ulendo wa ku sitolo za pamsewu kukasaka netiweki.

Mtengo wa intaneti nawo udadandaulitsa anthu kwambiri m'chaka cha 2020, mpaka Boma lidakambirana ndi makampani a Airtel ndi TNM, ndipo mitengo ina idatsitsidwa chapakati pa chakacho. Unduna wa Zamaphunziro udakonza zoti ana a ku pulayimale aziphunzira pa wailesi, ndi kuti a ku sekondale azipeza maphunziro pa intaneti osalipira. Kwa a sukulu za ukachenjede, koleji iliyonse idayenera kudzionera yokha njira.

Mavuto amenewa ndiwo adalembedwa kwambiri m'nyuzipepala, chifukwa amawerengeka ndi manambala. Koma ngakhale wophunzira amene adali ndi zinthu zinayi zonse zija adapeza kuti phunziro silikulowa m'mutu monga kale. Chifukwa chake chidali m'makhalidwe a anthu, ndipo makhalidwe sagulidwa pa sitolo ngati bandulo.

Pakhomo pali eni ake

Munthu akakhala ku koleji, ntchito yake ndi imodzi: kuphunzira. Ndandanda ya maphunziro imamuteteza, ndipo palibe amene angamutulutse m'kalasi kuti akatunge madzi. Akafika kwawo amabwerera pa udindo wake wakale, wa mwana wa pakhomo, ngakhale akhale ndi ndevu. Mwambo umati mwana sakhala pansi wamkulu akugwira ntchito, sadzitsekera m'chipinda makolo ali pabwalo, ndipo akaitanidwa amayankha nthawi yomweyo. Awa ndi malangizo abwino amene amamanga mabanja. Koma phunziro la pa Zoom silidziwa zimenezi. Likati liyamba 8 koloko, limayamba, kaya mbaula yayaka kaya ayi.

Mwachitsanzo, mtsikana wa ku Bangwe amene mayi ake amagulitsa tomato mu msika wa Limbe amatsala ndi nyumba yonse m'manja mwake. Pali mzere wa madzi pa mpope wogulitsira, phala la azing'ono ake, mbale, zovala ndi ndiwo zamasana. Mchimwene wake naye amatumidwa kukakhala pa okala, koma iye akamaliza amamasuka, pamene ntchito za mtsikana zimatha ndi kulowa kwa dzuwa. Kumidzi, kutsekedwa kwa sukulu kudagwa m'nyengo yokolola chimanga, yokumba mtedza ndi yosankha fodya, ndipo manja a mwana wobwera kuchokera ku tauni adali dalitso limene banja silikadalikana.

Sikuti makolo ankachita izi chifukwa chonyoza maphunziro. Mabanja ambiri a m'tauni amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Umboni wake udaoneka pamene Boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020. Ochita malonda m'misika adachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo Bwalo Lalikulu la Milandu, kudzera mwa Woweruza Kenyatta Nyirenda, lidaimitsa m'bindikirowo. M'banja lotere, munthu wamkulu wokhala pa mphasa tsiku lonse maso ali pa lamya amaoneka ngati mlesi.

Pamenepa pali vuto lina. Kwa makolo ambiri, sukulu ndi nyumba ya njerwa, bolodi, choko ndi mabuku. Lamya ndi yochezera. Mayi akaona mwana wake watseka makutu ndi timawaya, amati: "Iwe, tasiya kuseweretsa foniyo, ukapereke moni kwa amalume ako." Mwana akayankha kuti, "Ndili m'kalasi, amayi," mawuwo amamveka ngati mwano, pakuti kalasi yake siikuoneka. Amadzuka, n'kukagwada, ndipo moni wa alendo suthera pa mawu awiri. Pamene akubwerera, mphunzitsi wadutsa kale masamba atatu.

M'nyumba zina lamya yabwino idali imodzi, ya bambo, ndipo inkachoka nawo m'mawa kupita ku ntchito. Mtsikana wopempha lamyayo usiku, kapena wolandira uthenga wa mphunzitsi wachimuna mdima utagwa, ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Amayi apabanja amene adabwerera ku sukulu atakula adakumana ndi diso lomwelo kwa amuna awo. Kuopsa kwa kukhala pakhomo kwa mwana wamkazi kudaonekeratu pa kafukufuku wa Boma wa mu 2020, amene adapeza kuti sukulu zili zotseka atsikana achichepere oposa 40,000 adatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Ambiri mwa amenewa adali a ku pulayimale ndi sekondale, koma maganizo akuti mtsikana amene ali pakhomo watha sukulu sadasiye akuluakulu a ku koleji.

Kenaka pali maliro. Wophunzira akakhala ku Chichiri, mtunda umamupepesera. Akakhala pamudzi alibe chowiringula: mnyamata apite ku manda kukathandiza adzukulu, mtsikana akhale kuseri ndi amayi ophika. Munthu amene sapita ku maliro a anzake amadziwa chimene chidzamuchitikire tsiku lake likadzafika. Palibe kholo limene lingauze anansi kuti mwana wake walephera kubwera chifukwa ali pa lamya.

Ulemu umene udasanduka chete

Mwana wa ku Malawi amaleredwa kuti wamkulu akamayankhula asamudule mawu, asamuyang'ane m'maso, ndiponso asamutsutse pa gulu. Khalidwe limeneli amapita nalo ku koleji, kumene mphunzitsi amatchulidwa kuti "a Dokotala" kapena "a Pulofesa". Nanga m'kalasi wamba mphunzitsi amadziwa bwanji kuti ophunzira sadamve? Amawerenga nkhope. Akaona zipumi zakwinyika, zolembera zaima, ena akunong'onezana, amabwereza asanapemphedwe. Wophunzira wamanyazi naye ali ndi njira yake. Amadikira kalasi ituluke, n'kutsatira mphunzitsi pa khonde, n'kufunsa motsitsa mawu anzake osamva.

Pa intaneti njira ziwirizi zidatsekeka. Pofuna kusunga bandulo, ophunzira ankazimitsa kamera, ndipo mphunzitsi ankayankhula kwa mayina olembedwa pa galasi lakuda. Akafunsa ngati pali funso, kunkangoti zii. Chete ameneyo ankatha kutanthauza kuti onse amva, kapena kuti palibe wamva, kapena kuti netiweki yaduka, kapena kuti mwini dzinalo wasiya lamya pa mpando ali kokazinga nyemba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma kufunsa pa Zoom kumafuna kuti munthu adule mawu a wamkulu anthu 100 akumva, chinthu chimene wakhala akuletsedwa chibadwire.

Kuzimitsa kamera kudalinso ndi chifukwa china chimene ophunzira sankachitchula. Ku koleji mwana wa ku Namiwawa kapena Sunnyside ndi mwana wa ku Ndirande kapena Chilobwe amakhala pa mpando umodzi, ndipo za kwawo zimatsala kwawo. Kamera imavundukula zonse: khoma losapaka laimu, denga lodontha, nsalu yogawa chipinda pakati, phokoso la chigayo ndi la ana a nyumba zoyandikana. Umphawi si mlandu, komabe munthu safuna kuti mlendo aone kumene amagona. Mwambo umalandirira mlendo pakhonde kapena pabalaza, ndipo kamera idalowetsa kalasi yonse mpaka kuchipinda.

Chiyankhulo nacho chidaonjezera mtolo. Maphunziro a ukachenjede amaperekedwa m'Chingerezi, chimene kwa ambiri ndi chiyankhulo chachiwiri kapena chachitatu. M'kalasi wamba, mfundo ikavuta, mphunzitsi amatembenukira ku Chichewa, n'kuponyapo nthabwala kapena mwambi, ndipo anthu amaseka n'kumvetsa. Pa phunziro lojambulidwa ambiri ankangoyenda m'Chingerezi chokhachokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Funso lolemba nalo limaopsa kuposa lapakamwa. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo, koma Chingerezi chothyoka cholembedwa pa gulu la WhatsApp chimakhala pomwepo, ndipo anzake amatha kuchitumiza kwina n'kumaseka.

Mutu umodzi susenza denga

Amene adaphunzirapo pa koleji amadziwa kuti theka la nzeru limapezedwa kunja kwa kalasi. Madzulo ophunzira amakhala m'timagulu, pansi pa mtengo kapena m'zipinda za lendi ku Chitawira ndi Zingwangwa, wina amene wamva n'kumalongosolera anzake m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena. Buku limodzi limazungulira anthu khumi. Amene ndalama zamuthera amadya kwa mnzake. Kaphunziridwe kameneka kamafanana ndi dima la kumunda, kumene anthu amalima kwa uyu lero, kwa uyo mawa. Maphunziro a pa intaneti adakonzedwa poganizira munthu wokhala yekha pa tebulo lake, wodzilamula yekha nthawi. Wophunzira wozolowera gulu atasiyidwa yekha, mphwayi ndi nkhawa zidamugwira, ndipo ena adangotaya mtima osauza munthu.

Maphunziro ena sangatheke konse popanda manja. Wophunzira uinjiniya ayenera kugwira chitsulo, kuyeza msewu ndi kusakaniza simenti. Wophunzira udokotala kapena unamwino ayenera kuima pambali pa bedi la wodwala ku Gulupu, kuona mmene wamkulu akugwirira dzanja la wodwalayo, mmene akufunsira mayi wokalamba za matenda amene satchulidwa poyera, ndi mmene akuuzira achibale uthenga wowawa. Nzeru zotere zimapatsiridwa monga mmene mmisiri wa mipando amaphunzitsira mwana wake, poonerera ndi poyesa. Kanema amaonetsa, koma sagwira dzanja la wophunzira kuti alikonze.

Mayeso nawo adabweretsa mutu waukulu. M'holo ya mayeso muli oyang'anira, ndipo wopezeka ndi likasa amadziwa chilango chake. Pakhomo palibe woyang'anira. Kuwonjezera apo, mwambo umayamikira munthu wothandiza mbale wake, ndipo womana amatchedwa wodzikonda. Mkulu wake wa wophunzira, amene adamaliza maphunziro omwewo, akakhala m'chipinda chomwecho, malire a kuthandiza ndi kubera amafufutika. Ichi n'chifukwa china chimene aphunzitsi ambiri ankafunira kuti mayeso akuluakulu adikire mpaka ophunzira atabwerera. Digiri yokayikitsa imapweteka mwini wake, ndipo ikakhala ya dokotala kapena ya womanga milatho imapweteka mtundu wonse.

Aphunzitsi nawo adali ndi yawo

Mphunzitsi amene waphunzitsa ndi choko zaka 20 adadzuka tsiku lina n'kuuzidwa kuti aziyankhula ndi galasi. Ena adayenera kupempha ana awo, kapena ophunzira awo omwe, kuti awaonetse podina. M'dziko limene nzeru zimayembekezeka kutsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kutembenuka kotereku kudali kowawa. Ena adakulandira ndi kuseka, ena adangotumiza mulu wa zolemba pa WhatsApp n'kuti aphunzitsa. Aphunzitsi aakazi adali ndi mtolo wofanana ndi wa ophunzira awo, pakuti ana awo nawo adali pakhomo, ndipo mphika sudziwa kuti mayi ali ndi digiri zitatu.

Malire a ulemu adasokonekera mbali zonse ziwiri. Kale wophunzira ankagogoda pa ofesi nthawi ya ntchito. Tsopano nambala ya mphunzitsi idali ndi aliyense, ndipo mauthenga ankafika pakati pa usiku, ena opanda ndi moni womwe. Pomwepo padali ophunzira ena amene sakadayerekeza kuimbira munthu wamkulu lamya, ndipo amenewa adavutika chamumtima.

Padalinso mantha a mawu ojambulidwa. Aphunzitsi a m'dziko muno akukumbukira chaka cha 2011, pamene Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Aphunzitsi a kumeneko adanyanyala ntchito kwa miyezi yambiri, ndipo anzawo a ku Polytechnic adagwirizana nawo. Phunziro lojambulidwa limatha kudulidwa pakati n'kufalitsidwa pa Facebook. Chaka cha 2020 chidalinso cha ndale zotentha, pakuti chisankho chobwereza cha Mtsogoleri wa dziko chidachitika pa 23 Juni. Mphunzitsi wosamala ankayeza mawu ake kawiri, ndipo phunziro loyezedwa chotere limakhala lozizira ngati ndiwo zopanda mchere.

Zimene akale adazidziwa

Kuphunzira mphunzitsi ali kutali si chinthu chachilendo m'Malawi. Mu 1965 Boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College mu mzinda womwewu wa Blantyre, kuti ana amene sadapeze malo ku sekondale aziphunzira kudzera m'makalata. Mu 1973 sukuluyi idaphatikizidwa ndi nthambi youlutsa maphunziro pa wailesi, ndipo mu 1987 idatchedwa Malawi College of Distance Education. Amalawi enanso adapeza madigiri awo polemberana makalata ndi sukulu zakunja monga University of South Africa ya ku Pretoria.

Chofunika kuchiona ndi ichi. Oyendetsa sukulu ya makalata ija sadangotumiza timabuku tawo, totchedwa maseti, n'kusiya mwana kuti adzionere yekha pakhomo. Adatsegula malo m'maboma kumene ophunzira ankasonkhana, kuwerenga pamodzi, kumvera wailesi pamodzi, pali mphunzitsi wowayang'anira. Mwana ankadzuka m'mawa, kusamba, kunyamula mabuku n'kuchoka pakhomo, ndipo mudzi wonse unkaona kuti wapita ku sukulu. Malo amenewa adakula mpaka mu 1998 adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera. Akalewo adazindikira kuti wophunzira wa muno amafuna zinthu zitatu kuwonjezera pa phunziro lenilenilo: malo odziwika, anzake, ndi munthu wamkulu womuyang'anira. Mu 2020 zitatu zonsezi zidasowa. Kusonkhana kudali koopsa chifukwa cha nthenda, ndipo padalibe nthawi yoganizira chimene chingalowe m'malo mwake.

Sukulu zitatsegulidwa

Pa 7 Sepitembala 2020 ophunzira a m'makalasi olemba mayeso ndi a chaka chomaliza m'makoleji adabwerera, atavala zotchinga pakamwa ndi pamphuno. Ena onse adatsatira pa 12 Okutobala. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwamphamvu. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Dr Lazarus Chakwera, amene adali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adalengeza kuti dziko lilinso pa ngozi. Sukulu zidatsekedwanso kwa milungu ingapo. Katemera woyamba adafika mu Malichi chaka chomwecho. Kalendala ya makoleji idasokonekera, ndipo ambiri adamaliza maphunziro mochedwa, makolo akupitiriza kulipira. Pa 4 Meyi 2021 makoleji a University of Malawi adagawidwa: Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lidalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi. Koma zotseketsa sukulu sizidathe. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo mdima udakula m'dziko. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za pulayimale ndi sekondale mu Blantyre ndi Lilongwe. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, napha anthu ambiri ku Chilobwe, ndipo maphunziro adaimanso m'maboma a kum'mwera. Nkhanga zidapangana kusanapse. Tsiku lina sukulu idzalowanso m'makomo, ndipo kukonzekera kwake ndi kwa lero.

Kwa oyendetsa makoleji, phunziro la mliri ndi lakuti njira yodikira wophunzira imagwirizana ndi moyo wa muno kuposa njira yomuthamangitsa ndi ola. Zolembedwa ndi mawu ojambulidwa mwachidule zimadya bandulo yochepa, ndipo mtsikana wa ku Bangwe angazimvere ntchito zitatha. Ophunzira okhala dera limodzi angaikidwe m'timagulu ta anthu ochepa, n'kupatsidwa chipinda pa sukulu yapafupi, pa tchalitchi kapena pa mzikiti pamene pali magetsi, ngati a zaumoyo alola. Pakhale njira yofunsira mafunso dzina losaoneka, kuti wamanyazi asadye phula. Mphunzitsi asaope kulongosola mfundo yovuta m'chiyankhulo cha ophunzira ake, ndipo asakakamize munthu kuyatsa kamera. Wailesi, imene imafika kumene intaneti siifika, ili ndi malo ake ngakhale pa maphunziro a ukachenjede.

Koleji iyeneranso kuyankhula ndi makolo, chifukwa iwo ndiwo eni ake a kalasi yatsopanoyi. Kalata kapena chilengezo cha pa wailesi chonena masiku ndi maola a maphunziro chimapatsa mwana mawu oti aimirepo popanda kuoneka wamwano. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathandize kuti wophunzira amene ali pa mayeso akhululukidwe ntchito zina za mudzi, monga mmene amakhululukidwira wodwala kapena wapaulendo.

Udindo wotsiriza uli pakhomo penipeni. Banja limene lidagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti mwana apite ku koleji lingataye zonsezo chifukwa cha maola awiri okha pa tsiku. Kugawa ntchito mofanana pakati pa mnyamata ndi mtsikana, kubwereketsa lamya popanda kukayika, ndi kupereka ngodya ya nyumba yopanda phokoso sizifuna ndalama. Mwambo wa ulemu ungathe kuteteza sukulu monga mmene udaitchingira. Mlendo akafika, bambo kapena mayi angathe kunena kuti: "Pepani, mwana ali m'kalasi, akupatsani moni akaweruka." Mawu amenewa akachokera kwa mwini nyumba, palibe mlendo amene angawaone ngati mwano.